Madigiri 12 amene amawongoka pakati pa madayamondi awiri

Mu Julaye 2023 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza zimene gulu la Meng Wang, la ku Sun Yat-sen University mumzinda wa Guangzhou ku China, linapeza litafinya kachidutswa ka La3Ni2O7 pakati pa madayamondi awiri. Kachidutswako n'kakuda, kochepa kuposa kanjere ka mchenga, ndipo muli zinthu zitatu zokha: lanthanum, nickel ndi okosijeni. Atakapanikiza kupitirira 14 GPa (GPa ndi muyeso wa kupanikiza) n'kukaziziritsa kufika cha pa 80 K (K ndi muyeso wa kutentha woyambira pa kuzizira kotheratu), komwe ndi madigiri 193 pansi pa ziro, kanayamba kuonetsa zizindikiro za superconductivity, mkhalidwe umene magetsi amayenda m'chinthu popanda chowatchinga. Nambala ya 80 inadzutsa anthu chifukwa nayitrojeni wamadzimadzi amawira pa 77 K, ndipo nayitrojeniyo ndi wotchipa poyerekeza ndi helium. Kufikira nthawi imeneyo, mwa ma oxide onse, zinthu za chitsulo chophatikana ndi okosijeni, a mkuwa okha ndi amene anali atadumpha mpanda umenewo.

Kufinyako sikunawonjezere kapena kuchotsa atomu ngakhale imodzi. Chimene chinasintha ndi kakhalidwe ka maatomuwo. Pali mzere wa maatomu atatu, nickel, okosijeni, nickel, umene popanda kupanikiza umakhala wopindika pa madigiri 168. Ukafinyidwa mokwanira umawongoka n'kufika pa 180. Pa madigiri 12 amenewa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo kutsimikiza kuti awongokadi ndi ntchito yovuta kuposa mmene zithunzi za m'mapepala ofufuza zimaonetsera.

Mamangidwe a nyumbayi

Dzina lakuti perovskite linachokera ku mwala wa CaTiO3 umene Gustav Rose anaufotokoza mu 1839 utapezeka kumapiri a Ural ku Russia, ndipo anautcha potengera dzina la Lev Perovski. Masiku ano dzinali limaimira kamangidwe, osati mwala umodzi. Atomu yaing'ono yachitsulo, monga titanium kapena nickel, imakhala pakati, itazunguliridwa ndi maatomu asanu ndi limodzi a okosijeni: anayi m'mbali, imodzi pamwamba, imodzi pansi. Akatswiri amati octahedron. Pano tizingoti khola. Makolawa amagwirana pa nsonga, kutanthauza kuti okosijeni aliyense ndi wa makola awiri oyandikana. M'mipata yotsala pakati pa makola mumakhala maatomu akuluakulu monga calcium, strontium kapena lanthanum.

Mu perovskite wamba makola amalumikizana mbali zonse zitatu mosalekeza. Mu perovskite wosanjikizana kulumikizana kopita m'mwamba kumaduka. Pamakhala nsanjika imodzi, ziwiri kapena zitatu za makola, kenako pamabwera chodulira cha lanthanum ndi okosijeni chimene kakhalidwe kake kamafanana ndi ka mchere wa pandiwo, kenako makola ayambiranso atasunthira pambali ndi theka la khola. S. N. Ruddlesden ndi P. Popper, omwe ankagwira ntchito yofufuza za zoumbaumba ku Stoke-on-Trent ku England, anafotokoza Sr2TiO4 mu 1957 ndi Sr3Ti2O7 mu 1958, n'chifukwa chake banja lonseli limatchedwa Ruddlesden-Popper. Nsanjika imodzi imapereka La2NiO4, ziwiri La3Ni2O7, zitatu La4Ni3O10, ndipo nsanjika zikapanda kuduka konse timabwerera ku LaNiO3. La2CuO4, yomwe Georg Bednorz ndi Alex Müller anaithira barium ku labotale ya IBM ku Zürich mu 1986 n'kupeza superconductivity yomwe inawapatsa mphotho ya Nobel chaka chotsatira, ndi ya banja lomweli. Aliponso mabanja ena osanjikizana, la Aurivillius ndi la Dion-Jacobson, amene amasiyana pa zimene zimakhala m'chodulira.

Mu La3Ni2O7 muli malo atatu osiyana a okosijeni. Ena ali m'mbali mwa nickel, m'kati mwa nsanjika. Ena ali kunja, oyang'ana kuchodulira. Koma pali mmodzi amene ali pakati pa nsanjika ziwirizo, amene ndi denga la khola lapansi komanso pansi pa khola lapamwamba. Ameneyu ndiye ali pakati pa mzere wopindika uja.

N'chifukwa chiyani makola amapendekeka

Kristalo imafuna kuti nsanjika ya nickel ndi okosijeni ikhale ndi m'lifupi wofanana ndendende ndi wa lanthanum ndi okosijeni, popeza zagonerana. Koma mwachibadwa sizifanana. Mu 1926 Victor Goldschmidt anapereka kawerengedwe kosavuta kodziwira kusiyanaku: kuphatikiza kukula kwa atomu yaikulu ndi kwa okosijeni, n'kugawa ndi kukula kwa atomu yaing'ono kuphatikiza okosijeni kochulukitsidwa ndi 1.414. Yankho likakhala 1, zonse zakwanirana. Likachepera 1, ndiye kuti makola ndi aakulu kuposa malo amene apatsidwa.

Mphasa yaikulu ukaiyala m'chipinda chaching'ono imachita mafunde. Makola nawonso sangafupikitse msanga mtunda wa pakati pa nickel ndi okosijeni, choncho amapendekeka. Ndipo poti agwirana pa nsonga, lina likapendekera kumanja loyandikana nalo liyenera kupendekera kumanzere, ngati magiya olumana. Zotsatira zake n'zakuti mbali ziwiri za pansi pa kristalo zimasiya kufanana. Mu La3Ni2O7 mbali imodzi ndi ma angstrom pafupifupi 5.39, inayo 5.45, ndipo msinkhu ndi pafupifupi 20.5, angstrom imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a milimita. Kusiyana kwa mbali ziwirizo ndi 1 peresenti yokha. Kakhalidwe kameneka, kopendekeka komanso kosafanana mbali, akatswiri amakalemba kuti Amam.

Munthu angaganize kuti kufinya kumawonjezera kupendekeka nthawi zonse, popeza malo akucheperachepera. Si choncho. Zimatengera chimene chili chofewa pakati pa khola ndi mpata wa atomu yaikulu. Ross Angel, Jing Zhao ndi Nancy Ross a ku Virginia Tech anaonetsa cha m'ma 2004 ndi 2005 kuti atomu ya m'khola ikakhala ndi chaji 4 ndipo yakunja 2, monga mu CaTiO3, khola limakhala lolimba, mpata ndi umene umafinyika, ndipo kupendekeka kumakula. SrTiO3, yomwe pa kutentha kwa m'chipinda makola ake ali chilili, imayamba kuwazungulitsa ikafika pafupifupi 9.6 GPa. Koma zonse ziwiri zikakhala ndi chaji 3, monga mu LaAlO3, khola ndi limene limafinyika msanga, mphasa ija imachepa n'kukwana m'chipinda, ndipo mafunde amatha. LaAlO3 imawongokeratu cha pa 14 GPa. Mu La3Ni2O7 lanthanum ali ndi chaji 3 ndipo nickel ali ndi 2.5 tikagawa mofanana, motero khola lake ndi lofewa ndithu, ndipo kufinya kumaliwongola. La2CuO4 imachitanso chimodzimodzi.

Kuwongokako kuli ndi ntchito yanji pa magetsi? Maelekitironi a nickel amakhala m'njira ziwiri zofunika pano. Ina yagona m'kati mwa nsanjika, yoloza kwa okosijeni anayi a m'mbali. Ina yaimirira, yoloza m'mwamba ndi pansi. Yoimirirayi ya nickel wapansi imakumana ndi ya nickel wapamwamba kudzera mwa okosijeni wapakati uja. Mzere ukakhala wopindika, kukumanako kumakhala kwa m'mbalimbali. Ukawongoka n'kufupika, kumakhala kwamphamvu, ndipo nsanjika ziwirizo zimayamba kuchita ngati chinthu chimodzi. Ambiri mwa amene amawerengetsera za maelekitironi amaona kuti mgwirizano umenewu ndi umene umathandiza maelekitironi kuyenda awiriawiri, chomwe ndi chiyambi cha superconductivity. Popanda kupanikiza, maelekitironi a mu La3Ni2O7 amakonda china: cha pa 150 K amadzisanja m'mizeremizere ya maginito.

Matumba awiri a chimanga pansonga ya singano

GPa imodzi ndi pafupifupi ka 10,000 kulemera kwa mpweya umene umatipanikiza tsiku ndi tsiku. Pansi penipeni pa nyanja ya Malawi, mamita pafupifupi 700, madzi amapanikiza ndi 0.007 GPa, kuti mufike pa 14 GPa muchulukitse ka 2,000. M'nthaka kupanikiza kotere kumapezeka pa kuya kwa makilomita pafupifupi 410. Komabe chipangizo chimene chimafikitsa pamenepa chimakwana m'dzanja. Dzina lake ndi diamond anvil cell, ndipo chinapangidwa koyamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku National Bureau of Standards ku America komanso ku University of Chicago. Chinsinsi chake ndi kuchepa kwa malo. Nsonga ya dayamondi aliyense amaisema kuti ikhale yafulati, m'mimba mwake mamilimita 0.3. Pa malo ochepa chonchi, kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 100, matumba awiri a chimanga, n'kokwanira kupereka 14 GPa. Masikuluu anayi omangidwa ndi dzanja amakwanitsa.

Kukonza chipangizochi ndi kumene kumadya nthawi. Choyamba nsonga ziwiri zija aziyang'anitsa pa maikulosikopu mpaka zigwirizane pakati ndi pakati komanso zikhale zogonerana bwino. Akazigunditsa pang'ono, mizere ya utawaleza imene imaoneka pakati pake imasonyeza kuti ina yapendekeka, ndipo amakonza mpaka mizereyo itatha. Kenako amatenga gasiketi, kachitsulo ka rhenium kapena chitsulo chosachita dzimbiri kokhuthala mamilimita pafupifupi 0.25, n'kukadinda ndi madayamondi omwewo mpaka pakati pake patsale pafupifupi 0.04. Pakati penipeni pa chidindocho amaboola kabowo ndi laser, kotakata pafupifupi theka la nsonga ya dayamondi. M'kabowo kameneka, komwe m'lifupi mwake ndi ngati tsitsi liwiri, ndi mmene mumalowa zonse: kachidutswa kofufuzidwa, kambulu ka ruby, ndi chinthu chofalitsa kupanikiza.

Ruby ndiye sikelo. Akamuwalitsa ndi laser amatulutsa kuwala kofiira pa ma nanomita 694.2 (nanomita imodzi ndi ma angstrom 10), ndipo kuwalako kumasuntha ndi ma nanomita pafupifupi 0.365 pa GPa iliyonse. Pa 14 GPa kumakhala kutasuntha ndi 5. Njirayi inayamba mu 1972 ku National Bureau of Standards komweko. Vuto lake n'lakuti kuzizira nakonso kumasuntha kuwalako, ndiye woyeza pa 40 K akagwiritsa ntchito nambala ya pa kutentha kwa m'chipinda amapeza zolakwika. Chinanso, chitsulo cha chipangizocho chimakhwinyata chikazizira, moti kupanikiza kumene munaika m'chipinda sikukhala komweko mukafika pa 40 K. Kumatha kusuntha ndi ma GPa angapo. Pepala limene lalemba kupanikiza koyezedwa chipangizo chisanazizire liyenera kuwerengedwa mosamala.

Zolakwika zodziwika bwino ndi zitatu. Bowo likakhala pambali pang'ono, chitsulo cha gasiketi chimayenderera mbali imodzi, bowo limakula m'malo mochepa, ndipo mapeto ake madayamondi amagundana n'kusweka. Kachidutswa kakakhala kokhuthala kuposa mmene gasiketi idzatsalire, madayamondi amakagwira mwachindunji n'kukaphwanya, ndipo zimene mukuyeza si kupanikiza kwa mbali zonse ayi koma kupsinja kochokera pamwamba ndi pansi. Poyeza magetsi pamafunikanso timawaya tinayi ta platinum kapena golide, ndipo gasiketi amaikuta ndi ufa wa boron nitride wosakaniza ndi guluu kuti isagunde timawayato. Chokutiracho chikang'ambika magetsi amadutsa m'gasiketi, ndipo kugwa kwa resistance, kutchinga kumene magetsi amakumana nako, kumene mukuona kungakhale kwa shoti chabe.

Chofalitsa kupanikiza: apa ndi pamene ambiri amapunthwa

Madayamondi amakankha kuchokera mbali ziwiri zokha. Kuti kristalo ipanikizidwe mofanana mbali zonse, iyenera kumira m'chinthu chamadzimadzi. Koma zamadzimadzi zonse zimauma zikafinyidwa. Mafuta a Daphne 7373 amauma cha pa 2.2 GPa, a Daphne 7474 cha pa 3.7. Methanol wosakaniza ndi ethanol, magawo anayi kwa limodzi, amapirira mpaka pafupifupi 10 GPa kenako amasanduka ngati galasi. Neon amauma cha pa 4.8 GPa koma amakhalabe wofewa kufika cha m'ma 15. Helium amauma cha pa 12 GPa ndipo ndiye wofewa kuposa onse, koma kumulowetsa kumafuna makina apadera a gasi, amachepetsa bowo kwambiri, ndiponso amalowerera m'timing'alu ta dayamondi n'kumuswa. Ena amangogwiritsa ntchito mchere wofewa monga KBr kapena NaCl chifukwa ndi wosavuta ndipo umagwira timawaya.

Tsoka lake, kusintha kwa La3Ni2O7 kumachitikira pakati pa 10 ndi 20 GPa, pomwe zofalitsa zambiri zakhala zitauma kale. Izi zinaonekera poyera. M'zoyeza zoyamba za 2023, zimene kachidutswa kanali pakati pa zinthu zolimba, resistance inagwa kwambiri koma sinafike pa ziro. Magulu a Huiqiu Yuan ku Zhejiang University ndi Jinguang Cheng ku Institute of Physics ku Beijing atabwereza ndi zofalitsa zamadzimadzi, ziro anaoneka. Kristalo yosanjikizana imamva kwambiri kupsinja kwa mbali imodzi chifukwa kufewa kwake kopita m'mwamba n'kosiyana ndi kwa m'mbali. Sr2RuO4 ndi umboni wabwino: superconductivity yake, yomwe Yoshiteru Maeno anaipeza mu 1994, imayamba pa 1.5 K, kuifinya mbali zonse kumatsitsa nambalayi, koma kuikankha mbali imodzi ya pansi kumaikweza kufika pafupifupi 3.5 K. Ndiye mawu akuti "pa 14 GPa" paokha sanena zonse. Pafunika kufunsa kuti kachidutswako kanamira mu chiyani.

Zimene X-ray amaona ndi zimene saona

Kuti adziwe pamene maatomu ali, amanyamula chipangizocho kupita ku synchrotron, makina aakulu otulutsa X-ray, monga ESRF ku Grenoble, APS ku Argonne, SPring-8 ku Japan kapena SSRF ku Shanghai. Kumeneko X-ray wamphamvu, wa utali wa ma angstrom pakati pa 0.3 ndi 0.6, amalowera m'dayamondi mmodzi, n'kumwazika pa kachidutswa, n'kutulukira mwa winayo. Kachidutswa kakakhala ufa, pa chojambulira pamaoneka mikombero. Kakakhala kristalo imodzi, pamaoneka timadontho.

Mapepala a 2023 ananena kuti pamwamba pa 14 GPa kakhalidwe kamachoka pa Amam kupita pa Fmmm. Mu Fmmm makola awongoka koma mbali ziwiri za pansi zikadali zosiyana. Chaka chotsatira, ena atayeza pozizira, cha pa 40 K ndi 19 GPa, pamene superconductivity imachitikiradi, anapeza I4/mmm, momwe makola awongoka ndipo mbali ziwirizo zafanana. Kusagwirizanaku sikuchokera ku ulesi wa ofufuza. Taonani zimene woyeza amayang'ana.

Kusiyanitsa Amam ndi Fmmm kumadalira timizere tofooka kwambiri timene timabwera chifukwa cha kupendekeka. Koma chimene chimasuntha kwambiri makola akapendekeka ndi okosijeni, ndipo X-ray saona bwino okosijeni. Mphamvu imene atomu imamwazira X-ray imayendera kuchuluka kwa maelekitironi ake kochulukitsidwa ndi iko komwe. Lanthanum ali ndi 57, nickel 28, okosijeni 8. Ndiye atomu imodzi ya lanthanum imawala ka 50 kuposa ya okosijeni. Kuwonjezera apo madayamondi amamwazanso X-ray n'kuchititsa chifunga pa chithunzi chonse. Timizere tija tikasowa, mwina kupendekeka kwathadi, mwina tangomira m'chifungacho.

Kusiyanitsa Fmmm ndi I4/mmm kumadalira mizere iwiri yoyandikana, umodzi wa mbali iyi, wina wa mbali inayo. Mbali zikafanana mizereyo imasanduka umodzi. Koma poyambira pomwe kusiyana kunali 1 peresenti yokha, ndipo chofalitsa chikauma mizere yonse imanenepa. Mizere iwiri yonenepa imaoneka ngati umodzi, ndipo umodzi wopsinjika mbali imodzi ungaoneke ngati iwiri. Palinso vuto la kagonedwe: ufa wa makristalo osanjikizana umakhala wa tizibanthu tafulati, ndipo tikafinyidwa timagona tonse mofanana pa nsonga ya dayamondi, zomwe zimakuza mizere ina n'kufooketsa ina. Pulogalamu ya kompyuta yowerengetsera malo a maatomu ikapanda kuuzidwa zimenezi, imasuntha okosijeni kuti ibise kusiyanako, n'kutulutsa madigiri ooneka okongola koma abodza. Chitsulo cha chipangizo nachonso chimatchinga njira zambiri, moti pa kristalo imodzi timadontho tambiri sitioneka n'komwe, makamaka ta mbali ya msinkhu ngati kabanthu kagona chafulati.

N'chifukwa chake ofufuza osamala samadalira X-ray yekha. Raman spectroscopy imayeza kunjenjemera kwa maatomu kudzera m'dayamondi momwemo, ndipo imamva okosijeni bwino. Kristalo ikawongoka, mitundu ina ya kunjenjemera imazimiririka. Ma neutron amaona okosijeni bwino kwambiri, koma amafuna kachidutswa kokulirapo kwambiri ndi makina ena monga Paris-Edinburgh press, omwe safika patali ngati madayamondi. Amajambulanso mmene kristalo ikucheperachepera pa GPa iliyonse n'kufanizira ndi kawerengedwe ka Birch-Murnaghan. Pamene mzere wadumpha kapena wakhota ndi pamene pali kusintha. Koma apanso mpofunika kuchenjera: mzere ukakhota pa 10 GPa ndipo munagwiritsa ntchito methanol ndi ethanol, choyamba kukayikira ndi chofalitsacho, osati kristalo.

Si ma oxide onse amene amasintha pang'onopang'ono chonchi. Ca2RuO4, wa nsanjika imodzi, salola magetsi kudutsa pa kutentha kwa m'chipinda, ndipo makola ake ndi ophwatalala. Kupanikiza kochepa, 0.5 GPa yokha, kumamuchititsa mwadzidzidzi kulola magetsi kudutsa ngati chitsulo. Chodabwitsa n'chakuti akafinyidwa amatalika: msinkhu umachoka pa ma angstrom pafupifupi 11.9 kufika pafupifupi 12.3, pamene m'mbali akuchepa kwambiri moti kukula kwake konse kumatsika. Kudumphaku n'kwamphamvu, makristalo ake amadziwika ndi kusweka akamadutsa kusintha komweku pa 357 K popanda kupanikiza.

Kachidutswa kamene mwafinya ndi kati?

Vuto lalikulu la La3Ni2O7 limayamba chipangizo chisanatsekedwe. Makristalo ake amakuzidwa mu ng'anjo ya nyale zamphamvu yotchedwa floating zone, momwe kamtengo ka ufa woumbidwa kamasungunulidwa pang'onopang'ono mu okosijeni wopanikizidwa ka 10 mpaka 15 kuposa mpweya wamba. Mpata wake ndi wopapatiza: okosijeni akachepa mumatuluka La2NiO4, akachuluka La4Ni3O10. Ngakhale zitayenda bwino, m'kati mwa kristalo imodzi mumapezeka malo amene nsanjika zasokonezeka. Mu 2024 gulu la John Mitchell ku Argonne ndi gulu lina la ku Max Planck Institute ku Stuttgart anaonetsa kuti pali mtundu wina wa La3Ni2O7 umene m'malo mosanja ziwiri, ziwiri, ziwiri, umasanja imodzi, zitatu, imodzi, zitatu. Maatomu ndi ochuluka mofanana ndendende, kotero kuyeza mankhwala sikungawasiyanitse. Mayina awo afupi ndi 2222 ndi 1313.

Okosijeni nayenso amasowa m'malo ena. Zithunzi za maikulosikopu ya maelekitironi zimene zinasindikizidwa mu 2024 zinaonetsa kuti amene amasowa kwambiri ndi wapakati uja, mlatho weniweni wa nsanjika ziwiri, ndipo kusowako kumasiyana malo ndi malo m'kristalo imodzi. Apa pali msampha. Kuti resistance igwe sipafunika kristalo yonse. Kanjira kamodzi kopyapyala kolumikiza timawaya n'kokwanira. Umboni woti kachidutswa konse kasintha ndi woti kakankhe maginito kunja, ndipo kuyeza zimenezi pa kanthu kochepa chonchi, kozunguliridwa ndi zitsulo, n'kovuta. Gulu lina la ku Beijing linapeza kuti m'zidutswa zimene linayeza, gawo lochita superconductivity linali pafupifupi 1 peresenti. Pamenepo funso linali lomveka: kodi X-ray akuona 99 peresenti pamene magetsi akuyenda mu 1 peresenti ya kakhalidwe kena?

Yankho lina linabwera posinthanitsa maatomu. Praseodymium ndi mnzake wa lanthanum wocheperako pang'ono. Onse awiri ali m'gulu la rare earth, miyala ya mtundu umene uli ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Gulu la Jinguang Cheng linachotsa lanthanum mmodzi mwa atatu n'kuikapo praseodymium, kupanga La2PrNi2O7, ndipo kusokonezeka kwa nsanjika kunachepa kwambiri. Kakhalidwe kanasintha n'kukhala kofanana mbali cha pa 11 GPa, resistance inayamba kugwa pamwamba pang'ono pa 80 K n'kufika pa ziro pa 60 K, ndipo gawo lalikulu la kachidutswa linakankha maginito. Kuika atomu yaing'ono m'malo mwa yaikulu ndi nzeru yakale: mu 1987 Paul Chu ndi Maw-Kuen Wu, ataona kuti kufinya kukukweza superconductivity ya oxide ya lanthanum, barium ndi mkuwa kupitirira 50 K, anaika yttrium m'malo mwa lanthanum n'kupeza YBa2Cu3O7 ya 93 K.

La4Ni3O10, wa nsanjika zitatu, anatsatira njira yofanana: makola amawongoka n'kulowa mu I4/mmm cha m'ma 13 mpaka 15 GPa, superconductivity n'kuyamba, ngakhale imangofika pafupifupi 30 K. Koma gulu la ku Hefei litakwanitsa kupanga La4Ni3O10 yowongoka kale popanda kupanikiza, silinapezemo superconductivity. Kuwongoka kukuoneka kuti n'kofunika, koma pakokha sikukwanira.

Kufinya popanda madayamondi

Chinthu chimene chimagwira ntchito pa 14 GPa pokha sichingapangidwe waya. Ndiye kumapeto kwa 2024 gulu la Harold Hwang ku Stanford, komanso gulu la Qi-Kun Xue ndi Zhuoyu Chen ku SUSTech mumzinda wa Shenzhen, anayesa njira ina. Anamanga La3Ni2O7 yopyapyala kwambiri, ya ma nanomita ochepa, pamwamba pa kristalo ya SrLaAlO4 yomwe mbali zake za pansi n'zofanana ndipo n'zazifupi ndi pafupifupi 2 peresenti. Kansanjika kopyapyala chonchi kalibe mphamvu yokana. Kamatengera miyeso ya maziko ake, ndipo kamafinyika m'mbali. Atakapatsa ozone kuti adzaze okosijeni wosowa, superconductivity inaoneka popanda chipangizo chopanikizira: ku Stanford inayamba pakati pa 26 ndi 42 K, ku Shenzhen, komwe anathiramo praseodymium, inayamba cha pa 45 K. Ziro weniweni wa resistance anabwera pansi kwambiri pa nambala zimenezi, ndipo tinsanjikato timataya okosijeni tikasungidwa pa kutentha kwa m'chipinda.

Zimenezi zinasokoneza kafotokozedwe kosavuta kaja. M'madayamondi kristalo imafupika mbali zonse, kuphatikizapo msinkhu, ndipo ambiri ankati kufupika kwa mtunda wa pakati pa nsanjika ziwiri ndiye chinsinsi. Koma pa SrLaAlO4 kansanjika kakafinyidwa m'mbali kamatalika m'mwamba, ngati dongo lofinyidwa m'manja. Msinkhu ukupita kosiyana, superconductivity n'kuonekabe. Zimene njira ziwirizi zikufanana ndi kufupika kwa m'mbali ndi kuchepa kwa kupendekeka. Ubwino wa tinsanjika topyapyala n'ngwakuti tili poyera: tingaikidwe pa maikulosikopu ya maelekitironi imene imajambula okosijeni mmodzimmodzi, ndiponso pa makina a photoemission amene amayeza mphamvu za maelekitironi otuluka pamwamba pa chinthu, zomwe sizitheka chinthucho chili chotsekeredwa pakati pa madayamondi awiri ndi gasiketi ya rhenium.